Simbi ya Ambuya Nelesi

Kuno ku Chalimbana kunalibe munthu wodutsa pakhomo pa Ambuya Nelesi ndi malaya okwinyika n'kupitirira mwamtendere. Ankamuimitsa panjira pomwepo, simbi ya makala ikufuka utsi m'manja, n'kunena liwu limodzi lokha: "Vula."

Ndipo anthu ankavuladi. Akatekisiti anavulapo. Mesenjala wa boma anaimapo pansi pa mango ndi vesiti yokha, njinga itatsamira pamtengo, ana akumuzungulira.

Ambuya anachokera ku Katete ndi mwana kumbuyo, napeza ntchito yochapa ndi kusita zovala za aphunzitsi a pakoleji. M'kalasi sanalowemo chibadwire. Koma atagwira zovala za anthu ophunzira zaka zonsezo, anatsimikiza mumtima kuti nzeru zimakhala m'mzere wa thalauzi. Choncho ankasita chilichonse: matumba a chimanga, mabuku a mdzukulu wawo, ngakhale matewera. Za matewerazo ife amayi tinazitengera, chifukwa simbi imapha mphutsi. Zinazo ayi.

Mwana wawo Rosaria ndiye ankanyamula manyazi onse. Iye sukulu anailekera mu Sitandade 1. Atangotha msinkhu anakwatiwa ndi Ezron, ndipo nthawi imeneyo Ambuya sanatsutse. Kuyambira pamenepo ntchito yake inali dimba ndi dengu la tomato pamsewu. Buku la nyimbo ankawerenga ndi chala, mpingo uli kale pa vesi lotsatira.

Tsono Tisauke, mwana wa Rosaria, anakhoza Sitandade 4 napeza malo kusukulu yogonera ya atsikana. Lole yowatenga inali kubwera pakutha pa mwezi. Mwezi womwewo mnyamata wina wa ku Bundabunda, kalipentala, anamufuna ukwati. Ezron anavomera kale mumtima: mpongozi wodziwa kukhoma zitseko sapezeka tsiku lililonse. Koma poti atsibweni a mwanayo anali kutali ku Katete, mawu anayenera kukambidwa pamaso pa Ambuya. Akangolandiridwa mawuwo, lole ikanapita yopanda Tisauke.

Nkhoswe ya mnyamata, a Sanford, anafika panjinga atavala jekete. Anakhala pampando, naomba m'manja.

"Amai, ife tatumidwa kudza..."

"Vulani."

"Amai?"

"Nkhani ya mdzukulu wanga simungaikambe na jekete monga yatafunidwa na ng'ombe."

A Sanford anavula. Nkhoswe sikamba za ukwati ili ndi malaya okha, choncho anangodikira. Ambuya anawaza madzi, anauzira makala, makala anazima, anakapala ena. Dzuwa litapendeka anali atamaliza dzanja limodzi la jekete. Ku Bundabunda n'kutali. A Sanford anakwera njinga, dzanja lina lili see, lina lili khwinyaa.

Ezron anapsa mtima, koma akanatani? Mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake. Anakaima kuseri kwa nkhokwe n'kumafuulira mkazi wake.

"Rosaria! Auze amai ako kuti mwana uyu ni wanga!"

Rosaria asanatsegule pakamwa, Ambuya anayankha ali chiweramire pathebulo lawo. "Rosaria, auze amuna ako kuti kabudula wao nikumuona pansi pa nkhokwe. Abwere naye."

Ezron anathawira kudimba.

Ulendo wachiwiri a Sanford anachenjera. Anasititsa zovala kwawo, jekete anaisenza pamutu m'nsalu, n'kuivalira pafupi ndi nyumba. Ambuya anawazungulira, naima kumbuyo.

"Thalauzi iyi ili na mizere iwiri. Nitsatire uti?"

Tsiku limenelo a Sanford analithera kuseri kwa nyumba atavala chitenje cha Rosaria, akuthamangitsa nkhuku.

Rosaria anadandaula. "Amai, anthu akutiseka."

"Aleke aseke. Ine nimangosita."

Ulendo wachitatu unagwa tsiku loti mawa lake lole ibwera. A Sanford anali atapita mpaka ku Lusaka, kwa dobi weniweni, katswiri wochapa ndi kusita. Analowa pabwalo akuyenda osapinda mawondo. Ambuya anazungulira, anawerama, anakweza kolala, ananunkhiza. Panalibe khwinya. Anakhala pansi pamphasa, simbi anaiika pambali, ndipo Rosaria anaona kwa nthawi yoyamba kuti amai ake akalamba. Kuseri kwa nkhokwe Ezron anatsokomola mokondwa.

A Sanford anaomba m'manja. "Amai, ife tatumidwa..."

Rosaria anali pakhomo pa khitchini. Mkatimo Tisauke anali atakhalira sutukesi yake yachitsulo, ataigwira ndi manja onse awiri ngati ingathawe. Rosaria anakumbuka kuti nayenso tsiku lake anakhala pakhomo ngati lomweli, sileti ili pamiyendo, ndipo palibe amene anamuikira kumbuyo.

"Pepani, a Sanford," anatero. "Kumbuyo kwa jekete kuli kanthu. Vulani."

Ambuya anatembenuka n'kumuyang'ana.

Rosaria anali asanasitepo jekete. Anaika simbi pakati pamsana n'kucheukira amai ake kuti afunse zochita. Pobweza maso, panali fungo, ndiponso chithunzi cha simbi yonse, chofiirira, ndi mphuno yake yomwe.

Za ukwati zinathera pomwepo. Panayamba mlandu wa jekete. Unatha ndi tambala wa Ezron, koma pofika tsikulo lole inali itapita kale.

Ambuya anamwalira chaka chathachi mvula isanagwe, Tisauke atangoyamba kuphunzitsa kalasi yoyambirira ya Sabu A pasukulu yathu ino. Anadwala pang'ono chabe. Pamaliro anthu onse anabwera osita, ngakhale adzukulu okumba manda. A Sanford anavala jekete lija. Wina atawafunsa chifukwa chake anati, "Ni yokhayo imene sanganivulenso."

Ngati Ambuya ankachita dala, palibe amene adziwa. Ena amati ankafunadi mwanayo aphunzire, ena amati makwinya okhawo ndiwo ankawapweteka m'maso.

Masiku ano njira ija munthu amangodutsa. Mesenjala amapita ndi kolala yopindika, akatekisiti malaya awo ali ngati anagonera, ndipo ena amachepetsabe liwiro pa mango paja n'kudziyang'ana pachifuwa, kenaka n'kupitirira. Utsi wa makala sumvekanso masana.

Umamveka m'mawa. Dzulo ndikupita kuchitsime ndinaona Tisauke akutuluka ndi mabuku kukhwapa, belu la sukulu likulira kale. Rosaria anali pakhonde, simbi m'manja.

"Amai, nachedwa, ana akunidikira!"

Rosaria anayang'ana diresi kuyambira paphewa mpaka m'munsi.

"Vula."