Okhalira a pa Siteji ya Bangwe

Lolemba

Manyazi m'mamawa. Pa siteji pali maminibasi awiri a ku Limbe. Ina yatsala pang'ono kudzaza, inayo muli mayi mmodzi yekha ndi dengu la tomato. Ine ndi digiri yanga ndikusankha yodzazayo, mpaka kuwayang'ana mayi aja mwachisoni.

Kenako zodabwitsa. Akakwera munthu, wina akutsika. Akakwera wina, winanso akutsika. Basi ya mayi a tomato ikudzaza, ikunyamuka, iwo akundibayibitsa pawindo. Kani anzanga onsewa ndi anthu a kondakitala, ongokhalira mipando kuti basi ioneke yodzaza! Ndinkangomva, lero ndaona.

Ku ofesi 8:40. A Mayi Nsona, abwana athu, osakweza n'komwe mutu: "Pulobeshoni yanu ikutha Lachisanu. Akuluakulu adzakuonani eyiti koloko. Eyiti ya pa wotchi, osati ya ku Bangwe."

Chabwino. Ndili ndi masiku atatu oti ndiphunzire kuzindikira okhalira. Ndagula kope. Nkhaniyi ikufunika kafukufuku.

Lachiwiri

Zizindikiro za wokhalira:
alibe katundu
sayang'ana wotchi
sakangana ndi kondakitala
nkhope ya munthu wofika kale kumene akupita

Ndikukwera basi yoyamba, ndikuunguza, ndikutsika. Yachiwiri chimodzimodzi. Yachitatu, ehee! Bambo a jekete ndi tayi, chikwama pamiyendo, nyuzi m'manja, akugogoda wotchi: "Adalaivala, ena tili ndi mamitingi!" Munthu ngati ine. Ndikukhala pambali pawo. Tikudandaula limodzi za dziko lino losalemekeza nthawi.

Akubwera agogo ndi nkhuku. Bambo a mitingi akupinda nyuzi, akumanga batani la jekete, akutsika. Nyuziyo ndi ya chaka chatha.

8:35. Kope tsamba loyamba: ndang'amba.

Lachitatu

Ndawapeza. Dzina lawo a Zuze, kwawo ku Nsanje, pa siteji pano anakhazikika kalekale. M'chikwama muja muli chinangwa chowotcha. Sakubisa kanthu: "Achimwene, tayi mmodzi amakoka anthu asanu. Munthu akaona tayi amati iyi ndiye inyamuka."

Lero ndakwera ndi kutsika zinayi.

Koma ndisaname, minibasi ili ndi zokoma zake:
nkhani zaulere (banja la munthu wina wa ku Namiyango latha ndili pompo, pafoni, mpaka tonse kupereka maganizo)
kutentha kwaulere kukazizira
mlaliki amene amadula pemphero pakati kuti alandire chenji

Zowawa:
anayi pa mpando wa atatu
bondo langa lamanzere, Mulungu alilandire
chidebe cha usipa cha munthu wosamudziwa, pamiyendo panga, "mungogwirizira ankolo"

Ku ofesi mnzanga akununkhiza m'mwamba n'kufunsa ngati ndayamba geni. 8:45.

Lachinayi

Njira yatsopano: kufunsa. Wokwera weniweni amadziwa potsikira.

Ndikutembenukira kwa mayi a yunifomu ya unamwino: "Pepani mayi, mukutsikira pati?"

Akundiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato. "Inu ndiye mutiuze. Sabata yonse tikukuonani, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika. Ndi kope lomwe! Mwafika polemba malipoti?"

Akutsika, akukakwera ina. Anthu atatu akuwatsatira. Anthu ena ulemu alibe.

A Zuze akundipatsa moni wa chibakera ndi kundigawira chinangwa. Kondakitala wayamba kunditchula "bigi". Zikusonyeza kuti kafukufuku akulemekezedwa.

8:55. A Mayi Nsona angoloza kalendala ndi cholembera.

Lachisanu

Ndadzuka nkhuku zisanatsike. Suti ya ukwati, tayi wofiira, chikwama cha masatifiketi. Lero zoyesa ayi. Ndikukwera imodzi, ndikukhala, sindikusuntha.

Ikudzaza pang'onopang'ono, koma ndi anthu enieni: ana asukulu, bambo onyamula matayala awiri, namwino uja. Okhalira akutsika mmodzimmodzi. Hafu seveni injini yalira. Ndapambana!

Akubwera mayi ndi mwana kumsana, akuthamanga. Kondakitala akumenya denga, akundiyang'ana ine.

"Bigi, yadzaza. Tsikani."

Ndikuti ndine wokwera. Basi yonse phwa kuseka. Ndikutulutsa ndalama. "Eee, awa ndiye akatswiri, mpaka ndalama!" Ndikutsegula chikwama, ndikuonetsa digiri. Namwino: "Winayo amanyamula nyuzi, awa satifiketi. Tsikani bambo, odwala akutidikira!"

Anditsitsa. Mwaulemu, koma anditsitsa.

Basi yachiwiri kondakitala watchinga chitseko ndi mkono: "Inu ndi a basi ija, musatiwonongere." Yachitatu anthu akundiona n'kuyamba kutsika okha. A Zuze sakuoneka, apita kukagula chinangwa. Njinga zamoto zonse zatenga anthu.

Wapansi mpaka ku Limbe, suti ya ukwati ili mbuu. 9:10. Akuluakulu apita kale.

A Mayi Nsona amvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto, akupukuta misozi ndi tishu. Kenako: "Miyezi ina itatu ya pulobeshoni. Ndipo muthokoze kuti mwandiseketsa."

Loweruka

Sindikutuluka. Mapazi ali m'beseni.

Mayi a kunyumba abwera kuchokera kumsika ndi nkhope yachilendo. Wogulitsa masamba wawapepesa: "Tamva kuti abambo ntchito inatha, koma bola apeza kochita pa siteji." Wawaonjezera mpiru wa pulayizi.

Akuti ndisakatsutse msanga.

Lamulungu

Tangobwera kuchokera ku Misa, odi pakhomo. A Zuze, jekete, tayi, chikwama. Abwera kudzapepesa.

Leveni koloko: tiyi. Akuti nkhope yanga ndi yosowa, ya munthu amene akupitadi kwinakwake. Ku ofesi zikadzavuta ndisadzadandaule, malo alipo.

Wani koloko: adya nafe.

Thuu koloko: ndikuyasamula, ndikuyang'ana wotchi. Akuti ndikuyang'ana bwino, koma ndizigogoda pang'ono.

Fili koloko: ndanena katatu kuti mawa ndilawirira wapansi. Akuvomereza, akuwongola miyendo. Munthu amene ntchito yake ndi kukhala sungamutopetse ndi mpando.

Folo koloko: amayi a mphakati ayamba kufika, lero mapemphero ali kwathu. Awiri pa sofa. Atatu pa benchi. Wina pa mpando wanga, ine pa ndowa. Akulowa mayi omaliza, akuunguza pokhala, palibe.

A Zuze akuwerenga mitu ndi maso. Akuimirira, akumanga batani la jekete, akuwalozera mayiwo mpando.

"Yadzaza, achimwene. Muyende bwino."

Apita.