Mchira wa tambala wa chinkhoswe

Lolemba

Munthu akapuma pa uphunzitsi amaopa chimodzi: kukhala pakhonde mpaka nkhuku zimuzolowere. Ine ayi. Ndagula kamera yakale pamsika wa ku Dzaleka, ndipo ndikuphunzira kuwedza popanda nyambo. Mbedza umaiveka nthenga kuti ioneke ngati kachirombo kagwera m'madzi.

Ndikufotokozera akazi anga, anaBanda, kuti kujambula ndi kuwedza n'pachibale. Konseko umalawirira, umayang'ana kumene kuli dzuwa, mthunzi wako usakutsogolere, kenaka umadikira kamphindi kamodzi. Iwo: "Nanga ndiwo zikubwera liti?"

Loweruka kuli chinkhoswe cha Yohane, mwana wa mlongo wanga. Nkhoswe ndine. Wojambula ndine. Tambala wokapereka kuchikazi, amene mlongo wanga anasankha yekha, akusungidwa kwathu. Mchira wake, abale! Ndazulako kanthenga. Sizikuoneka n'komwe.

Lachiwiri

Kudamu, cha ku Nachisaka. Nsungwi, ulusi, kamera, chipewa. Ndikuponya mwaulemu ndithu. Mbedza yakola nthambi kumbuyo kwanga, pamwamba zedi. Ndaijambula. Kuwala kwake kokongola!

Madzulo nthenga zina.

Lachitatu

Nsomba yatumpha! Dzanja ili nsungwi, ili kamera. Ndikuganizabe kuti ndiyambe chiti, yapita. Ndajambula madzi.

Bambo wina wothirira dimba wandifuulira: "Aphunzitsi, madziwo alakwanji? Kapena mwasowa ana oti muziwakwapula?" Ndayamba kumufotokozera, wanyamula keni yake.

Mbedza zina zatsala m'bango.

Lachinayi

Mwina vuto ndi mtundu wa nthenga. Ndayesa zam'khosi, zofiira. Tambala akandiona akumathawira pansi pa nkhokwe.

AnaBanda: "Kodi tambalayu akudwala?" Ndawafotokozera kuti nkhuku zimathothoka nthenga nyengo ina. Zimenezo n'zoona. Koma osati uyu. Andiyang'ana nthawi yaitali.

Lachisanu

Mchira watha. Ndazindikira lero ndikumuona chakumbali.

Kusintha sikutheka, akuchikazi anamuona kale n'kumuyamikira. Ndabwerera kudamu kukagwetsa mbedza mumtengo ndi kuvuula zam'bango. Nthenga ndazimasula, ndaziyanika, ndazimangirira pa tambala ndi ulusi wakuda. Kunena zoona, ndamanga bwino. Sabata ino sinapite pachabe!

Kutchaja kamera: mawa m'mawa.

Loweruka

Sindinatchaje.

Bwalo ladzaza. Ndaima pakati, tambala m'manja, kamera pakhosi. Amayi akululutira. Ndikumupereka ndi manja awiri, wakupiza mapiko. Tambala wapita kwa nkhoswe yakuchikazi, mchira watsala kwa ine.

Nkhosweyo: "Achimwene, mwayamba kale kusosola? Titereke madzi?" Anthu kugubuduka nako kuseka. Mkazi wa Yohane wabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Yohane maso pansi.

Akuchikazi atipatsa thadzi lonenepa, nthenga zonse zilipo. Ndakweza kamera kuti ndijambule awiriwo. Yazima. Mafoni a anthu sanazime, ndipo onse analoza kwa ine.

Lamulungu

Potuluka Misa aliyense: "Zakola bwanji, aphunzitsi?" Mlongo wanga wadutsa ngati sanandione.

Nsomba palibe. Zithunzi zilipo: mtengo, madzi, bango, madzi. Cha Yohane ndi mkazi wake palibe, ndipo ichi ndicho chikundiwawa. Mwanayu ndinamuphunzitsa kugwira pensulo. Ndapita kukapepesa, ndawapempha adzavalenso zovala zija ndidzawajambule. Yohane waseka pang'ono: "Amalume, tidzavala. Koma nkhope yadzulo ija sitingaipezenso."

Wanena zoona. Kamphindi kaja ndinkaphunzitsa Lolemba n'komweko: kakadutsa kadutsa, kaya ndi nsomba kaya ndi munthu.

Komabe m'mawa wa kudamu ndi wokoma, nkhungu ikamachoka m'mapiri a Ntchisi. Amene mudzapeze kabukuka, kayeseni ndithu. Ingotolani nthenga zothothoka zokha, ndipo m'manja mukhale chinthu chimodzi.

Thadzi lija anaBanda alitsekera ndi loko. Kiyi ali m'chiuno mwawo.