Chitsulo m'Munda wa Eni

Lolemba

Loweruka likubwerali dzuwa lidutsa pamutu penipeni pa Phalombe. Masana enieni chinthu choima chilili sichikhala ndi chithunzithunzi. Zimachitika kawiri kokha pa chaka. Akutero adokotala a kuyunivesite amene amatsogolera gulu lathu la pa foni la okonda zakumwamba. Akufuna munthu m'boma lililonse akhome chitsulo pansi, aziyeza chithunzithunzi chake masana aliwonse mpaka chithe. Kuno munthuyo ndi ine. Chipumireni pa uphunzitsi palibe anandifunapo, kupatula obwera kuti ndiwawerengere malangizo a pa botolo la mankhwala a mbuzi.

Zofunika:
chitsulo chowongoka (chinatsala pomanga chimbudzi)
tepi (ya telala wa ku Migowi, akuti isabwere ndi dothi)
chingwe ndi mwala, zoonera ngati chitsulo chaima njo
malo a tetete opanda mtengo

Pakhomo ndi mango okhaokha. Malo abwino ndi kumunda kuseri, umene akazi anga amalima ndi mng'ono wawo Dailesi chimwalirireni amayi awo. Wina mbali iyi, wina mbali iyo, malire palibe anawatchulapo. Ndikukhoma. Akazi angawo, Mayi a Mphatso, aima potero, manja m'chiuno. "Bambo, mkamwini sakhoma kanthu m'munda." Ndikuwafotokozera za kupendekeka kwa dziko. Akulowa m'nyumba ndisanafike pakati.

Lachiwiri

Kutentha kosasewera. Phiri la Michesi likuoneka mwa chizimezime. Chithunzithunzi chaloza kummwera, kutalika kwake sikukwana theka la chala. Mtima uli dyokodyoko ngati ndangolembedwa kumene ntchito.

Adokotala akuti tijambule mzere wochoka kumpoto kupita kummwera, wodutsa pachitsulo. Ndikuthira phulusa. Kuti udzaoneke bwino pa foni ndikuutalikitsa mpaka kumapeto onse a munda. Wowongoka, waukhondo, wa mphunzitsi.

Akudutsa a Bonifasi, amuna a Dailesi, mkamwini mnzanga. Moni sakuyankha. Ayang'ana tepi, ayang'ana phulusa, abwerera komwe achokera, khasu lili paphewa.

Lachitatu

Chitsulo chazulidwa. Ndikuchipeza m'udzu kuseri kwa khola. Kukhomanso, kuwongolanso ndi chingwe, thukuta kamukamu.

Dailesi akusesa pakhomo pake, akuyankhula ndi nkhuku mokweza: "Ena anabwera pamudzi pano ndi sutikesi yokha, lero ali ndi tepi." Nkhuku zake palibe inabwera ndi sutikesi.

Zimene zikumveka kuchigayo:
ndikugulitsa munda kwa wogula nandolo
ndikumangitsa nsanja ya mafoni
ndine amene ndamanga mvula, si icho chitsulo chaloza kumwamba

Yachitatuyi ndiyo ikundiopsa, chifukwa mizere anthu anaunga kale ndipo kumwamba kuli gwa.

Masana enieni kamtambo kamodzi, kamodzi kokha thambo lonseli, kabwera kudzakhala pamudzi pathu pa Kaduya. Kachoka nthawi itadutsa. Kugulu ndatumiza mawu akuti lero palibe.

Lachinayi

Chitsulo chilipo, koma wina wamangirirapo mbuzi. Chapendekera chakumadzulo. Mbuzi yadyako tepi. Telala ndidzaonana naye mwezi wa mawa.

Mmawa wonse a Bonifasi akuyenda m'munda, kuchoka kumapeto kufika paphulusa, kuchokanso mbali inayo kufika paphulusa, milomo ikugwedezeka. Ndikuyembekeza nkhondo. Madzulo ndi awa pakhomo, mbale ya mango m'manja. "Aphunzitsi, mwaswera bwanji? Pepanitu za dzulo, ife osaphunzira timachedwa kumva." Mbuzi aichotsa okha. Chitsulo akuti achilondera okha.

Ndagona mokondwa. Munthu ukamufotokozera modekha amamva. Mayi a Mphatso okha ndiwo sanakhudze mango.

Lachisanu

Mbandakucha Mayi a Mphatso andigwira mkono mpaka kumunda. "Ophunzira inu, taonani." Ndikuona. Chulu chija, pamene maungu amabereka osathira kanthu, pamene amayi awo anawasiyira pakamwa ali kudwala, chagwera mbali ya Dailesi. Ndime yachonde yonse yapita nacho. Mbali yathu kwatsala mchenga ndi njira ya madzi. Ine poyeza ndimayang'ana kumwamba.

Ndikuthamangira tsache kuti ndifufute phulusa. A Bonifasi ali pomwepo pa mpando, ndipo mzere wonse aundandalika kale miyala. "Musavutike aphunzitsi, mzere wa sukulu safufuta."

Atsibweni a akazi anga, mwini mbumba, awaitanitsa kuchokera ku Boma. Afika mawa mmawa. Mawa! Mwa masiku onse a chaka chino.

Chithunzithunzi lero ndachionera patali. Kadontho chabe. A ku Zomba chawo chatha kale, atumiza zithunzi, adokotala awaombera m'manja.

Loweruka

Thambo lili mbee, lopanda banga. Tsiku ngati ili munthu umalipempherera.

Mmawa wa atsibweni wafika dzuwa lili pafupi ndi paliwombo. Kabaza inaphulika tayala. Atsika, amwa madzi, alonjera aliyense ndi dzina mpaka makanda. Tonse kumunda. Aima pachitsulo, avula chipewa chawo chachikulu chija, apukuta dazi, achikoleka pamwamba pa chitsulo changa.

Pansi pali chithunzithunzi chozungulira ngati lichero. Cha chipewa.

Kodi mkamwini angagwire chipewa cha atsibweni mlandu uli mkati?

Andipatsa mpata woyankhula. Ndikunena momveka kuti amenewa si malire, ndi mzere wa dzuwa, umachoka kumpoto kupita kummwera, ndipo sindinauike ndine pamene wadutsapo. Atsibweni akugwedeza mutu. "Ndiye kuti simunakondere munthu?" Ine: ayi ndithu, mzerewu sudziwa munthu, ngakhale mutaitana wa ku Lilongwe audutsitsa pomwepa. "Eya. Ndi umene takhala tikuusowa pabanja pano." Dailesi akululutira. A Bonifasi akundigwira chanza ndi manja awiri.

Ndaikira umboni wolanditsa akazi anga munda, ndi pakamwa panga, m'Chichewa chomveka bwino.

Mayi a Mphatso ayesa kunena za mawu a malemu. Atsibweni akuti mawu a wodwala aliyense anamva zake, koma apa payezedwa ndi tepi, ndipo woyezayo ndi mwamuna wako yemwe.

Pamene akutenga chipewa, chithunzithunzi chatuluka kale mbali ya kummawa. Dzuwa ladutsa pamutu pathu tonse, palibe analiona. Chitsulo alamula chikhale pomwepo mpaka kale, wochigwira aliyense mlandu.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Mutu.

Adokotala akufunsa kuti Phalombe ili kuti. Ndayamba kulemba yankho, ndafufuta. Ndazimitsa foni.

Mvula yoyamba yagwa usiku. Kuchigayo mawa adzati atsibweni amasula zimene ndinamanga. Ziwayendere.

Mayi a Mphatso sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Mmawa anapita pachulu ndi kambale, kukafukula nthanga za maungu zimene anabzala sabata yatha, mbewu ya amayi awo. Abwera nazo zitatupa kale, azitsanulira pamphasa. Ndikumva chisoni, ndipo manyazi akundiwawa kuposa chisonicho.

Madzulo andipatsa madzi osamba monga mwa masiku onse. Kenaka afunsa, mwaulemu wake wonse: "Bambo, dzuwa lanulo lidutsanso liti?"

Ndikuti mu Febuluwale.

"Chabwino. Limenelo mukaliyezere kwanu ku Migowi."

Sindinafunse ngati akunena za tsiku limodzi lokhalo. Ku Migowi alongo anga anagawana munda kalekale, ndipo ine pogawanapo sanandiwerengere.