ANabanda Akubwera Lamulungu

Lolemba

Ndadzuka m'nyumba yangayanga. Ndilembenso kuti ndikhulupirire: yangayanga.

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala m'nyumba ya kuntchito, m'munsi mwa phiri, ndikuyang'anira mitengo ya paini. Tsopano ndapuma. Ino ndamanga pang'onopang'ono kuno kumapeto kwa Boma, kutsidya kwa khwawa, ndipo katundu ndasamutsa Loweruka lapitali.

Akazi anga, aNabanda, sanalowemo. Miyezi inayi tsopano ali ku Lobi, akudwazika amayi awo. Pamene ankachoka n'kuti nyumba ilibe denga. Dzulo pafoni anena kuti apongozi ayamba kudya bwino, ndiye iwo abwera Lamulungu.

Ndikufuna akadzatsegula chitseko adzangoima, asowe chonena. Chikwatiraneni sindinawaonepo atasowa chonena.

Zoti ndichite:
1. bedi lilowe kuchipinda
2. makatani
3. kubzala mtengo wa mapichesi pazenera la kukhitchini
4. shelefu ya mbale
5. nkhuku zizolowere pakhomo

Ntchito zisanu, masiku asanu ndi limodzi. Litsalanso tsiku lopuma.

Lero ndangoyendayenda m'zipinda. Ndakiya ndi kutsegula chitseko kasanu popanda chifukwa. Mpopi uli pakhomo pomwe, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa. Cha m'ma teni dzuwa likufika pakhonde. Ndatulutsa mipando iwiri, ndakhala pa umodzi.

Lachiwiri

Bedi lakana.

Ndinalikhoma ndekha chaka chimene anabadwa mwana wathu Tadala, matabwa a mkungudza, misomali italiitali, kuti lisadzagwedere. Siligwederadi. Silipasukanso. Khomo la kuchipinda nalo ndinayeza ndekha, ndipo lachepa ndi zala zitatu.

Ndapempha a Saidi, oyandikana nawo nyumba, amene ali ndi golosale kumsewu. Abwera atavala mkanjo woyera. Tayesa chogoneka, tayesa cham'mbali, tayesa choimiritsa. Pulasitala wagumuka, mkanjo wada. A Saidi apukuta thukuta, ati, "Achimwene, apa china chigonje, bedi kapena khoma. Zonse ndi zanu, musankhe nokha."

Sindinasankhe. Bedi lili pabalaza, pakati pa tebulo ndi wailesi.

Kunena zoona, pabalaza ndi pofunda kuposa kuchipinda, poti mbaula imakhala pomwepo. Ndagonapo pang'ono masana. Podzuka ndaona kuti ndadzipanikiza m'mphepete penipeni, mbali inayo ndasiya monga mwa masiku onse.

Lachitatu

Nkhungu yatsika m'phiri, ngakhale mpanda wa a Saidi sukuoneka. Tsiku la makatani.

Tepi yoyezera yasowa m'makatoni, ndiye ndayeza mazenera ndi chingwe, ndikumanga mfundo. Kumsika telala watenga chingwecho, wachitembenuza uku ndi uku, wati, "Bambo, mfundo ya m'litali ndi iti, ya m'lifupi ndi iti?" Ndaloza molimba mtima ngati munthu wodziwa.

Kusankha nsalu ndiye kwandisautsa. ANabanda akafika pansalu amaifikisa ndi zala, amaitulutsa padzuwa, amafunsa ngati siisuluka, kenako amachoka osagula. Ine ndinkaima kumbuyo ndi jumbo, ndikung'ung'udza kuti nthawi ikutha. Lero palibe wondichedwetsa. Ndagula m'mphindi ziwiri, ya maluwa achikasu, ndipo ndatuluka m'sitolo ngati munthu woti waiwala kanthu.

Pobwerera ndaima pachiwaya. Tchipisi chotentha, kabichi, tsabola wambiri, ndikudya ndikuyenda. Akanakhalapo akanati, "Bambo wamkulu ngati inu kudya mumsewu?" Kenako akanatolako ziwiri.

Lachinayi

Kunyumba yakale aNabanda anabzala mtengo wa mapichesi kuseri kwa khitchini. Ukachita maluwa ankatsuka mbale akuuyang'ana, mbale imodzi mpaka kalekale. Posamuka ndinazula kamphukira kake, ndakhala ndikukasunga m'chitini.

Lero ndakumba dzenje, ndathira manyowa, ndabzala mwaluso, poti kubzala mitengo ndiyo inali ntchito yanga. Ndapita kuseri kukatenga nsungwi zotchingira. Pobwera ndapeza mbuzi ya a Saidi ikutafuna, ikundiyang'ana m'maso, osathawa n'komwe. Chatsala ndi kamtengo ngati ka machesi.

A Saidi apepesa kwambiri, mbuzi aimangirira. Chakumadzulo akazi awo atumiza mbale ya samusa zotentha. Ndimafuna ndikhalebe wokwiya, koma samusazo n'zokoma. Zatha zonse.

ANabanda aimba. Kwawoko netiweki imagwira pachulu cha kumunda kokha, ndiye ndikumva mphepo ndi wefuwefu wa munthu wokwera chitunda. "Zonse zili bwino kumeneko?" Ndati zonse zili m'malo mwake. "Mukuvala juzi?" Ndati eya. Foni itaduka ndapita kukaivala.

Lachisanu

Nkhuku zathawa!

Ndinazitsekera chisamukireni. Lero ndati zazolowera, ndatsegula. Pofika masana foni yalira, ndi bambo amene analowa m'nyumba yakale ija: "Bwana, alendo anu afika kuno, tambala ndi akazi ake atatu. Alowa okha m'khola."

Zawoloka khwawa zokha, popanda wozilozera njira.

Ndapita ndi dengu. Ndachita odi pakhomo pamene ndakhala ndikulowa zaka zonsezi osagogoda. Pachingwe cha aNabanda payanikidwa matewera a mwana wa eni. Pamwala pamene ankakhala akusenda kachewere pali beseni la eni. Mtengo wa mapichesi uli pomwepo, wopanda masamba monga umakhalira nthawi yachisanu. Andipatsa mpando, ndakana, ndati ndikufulumira. Sindimafulumira kulikonse.

Nkhukuzo sindinazikalipire. Ndikuzimvetsa.

Madzulo ndakatenga makatani. M'lifupi ndi okwana kuphimba khoma lonse. M'litali akulekeza pakati pa zenera. Wodutsa panja sakundiona nkhope, akungoona mimba.

Loweruka

Shelefu. Apa ndiye panga, matabwa ndimawadziwa.

Ndapala thabwa mpaka see, nyumba yonse ikununkhira utomoni wa paini. Ndakhoma. Ndasanja mbale, makapu, ndi bakuli ladothi limene apongozi anatipatsa paukwati wathu, limene aNabanda amatulutsa kukabwera alendo olemekezeka okha. Ndabwerera m'mbuyo kuti ndisirire ntchito yanga. Thabwa lilibe mlandu. Khoma ndilo lalavula misomali.

Mbale zachitsulo zangolira n'kugubuduzika. Bakuli lasweka patatu, chapulumuka ndi chivindikiro chokha. Ndakhala pansi pasimenti nthawi yaitali. Zidutswa ndakulunga m'nyuzipepala, ndaika m'katoni. Sindikudziwa kuti ndidzayambira pati kunena.

Mndandanda wanga tsopano uli chonchi:
bedi, pabalaza
makatani, theka
mapichesi, m'mimba mwa mbuzi
shelefu, pansi
nkhuku, m'ndende

Komabe ndasesa, ndakolopa, ndapukuta mazenera. Ndachapa bulangete, likudontha pachingwe mpaka pano chifukwa dzuwa silinatuluke. Tambala ndaganiza kuti ndiye ndiwo za mawa, poti anatsogolera kuthawa ndi iyeyo. Ndapempha a Saidi kuti amuzinge mwa Chisilamu, kuti iwo ndi akazi awo adzathe kudya nafe. Avomera mosangalala: "Mawa tiwaone eni nyumba enieni."

Ndameta ndevu. Ndasita malaya oyera.

Lamulungu

Misa yoyamba, kenako kusiteji pamsewu waukulu, nditavala jekete la suti. Minibasi yoyamba: matumba a kabichi ndi asisitere awiri. Yachiwiri: ana asukulu okhaokha. Mu yachitatu mwatsika mayi wa duku lobiriwira, wamfupi, woyenda mwachangu. Ndinali nditayamba kale kuwoloka msewu. Si iwo.

Foni. Mphepo ya pachulu. Apongozi adzuka ndi chifuwa, miyendo yatupanso, ndipo mng'ono wawo wa aNabanda amene amati adzawalandire kudwazika sanafike. "Sindingawasiye okha, abambo a Tadala. Mwina masabata awiri."

Ndati ndamva, asadandaule, apongozi ndiwo oyamba. Kenako, kaya chandigwira n'chiyani, ndaulula zonse pomwepo pasiteji, makondakitala akukuwa mbali zonse. Bedi, mbuzi, nkhuku. Pa makatani aseka mpaka kutsokomola. Kuseka kumeneko sindinakumve chichokereni iwo, ndipo ndafotokozanso kachiwiri kuti asekenso.

Pa bakuli kuseka kwatha. Kenako afunsa ngati sindinadzicheke potola zidutswa. Ndati ayi.

Ati, "Ndiye musakhudzenso kanthu. Mukakonza zonse, ine ndidzalowamo ngati mlendo. Ndisiyireni zanga."

Ndabwerera pang'onopang'ono, jekete paphewa. Tambala tadya ndi a Saidi ndi akazi awo, iwo pamipando, ine pabedi. Nyama yolimba, yatitengera nthawi. Akazi awowo ayang'ana makatani, ayang'ananso m'mbale mwawo, sananene kanthu. Mulungu awadalitse.

Alendo apita. M'nyumba muli zii. Sindikhudza kanthu, ndauzidwa. Ndangotenga tsache n'kusesa kanjira kochokera kumsewu mpaka pakhonde, poti munthu akati masabata awiri, nthawi zina amafika asanakwane.