Ngalande ya Jailosi

Ana inu, mwambi umenewu unayamba chonchi. Kale, mitsinje isanayambe kuuma ngati lero, m'mudzi muno munali mkamwini wina dzina lake Jailosi. Anali munthu wansangala, koma khutu analibe.

Kuchikamwiniko anamupatsa munda wamchenga, nthaka yoguga yomera kaufiti yekhayekha. Chimanga chake chinkalekeza m'mawondo. Tsiku lina a Kadzakumanja, atsibweni a mkazi wake Nangozo, anamuitana.

"Akamwini, nkhokwe ikakhalanso mbee chaka chino, mupinde mphasa yanu muzipita kwanu."

Jailosi mtima unamupweteka, chifukwa Nangozo ankamukonda zedi. Anzake anamulangiza kuti athire ndowe za ng'ombe, akwirire mapesi, adzale nandolo, monga ankachitira makolo. Ha, nthawi imeneyo ng'ombe zinali m'khola lililonse, ndowe zongotola! Koma Jailosi anangoseka.

Pajatu iye anagwirapo ntchito yophika kwa mzungu wina kuesiteti. Kumeneko anamva kuti kale ku Mangalande alimi ankapatutsa madzi a mtsinje kuti asefukire m'minda, n'kusiyamo matope achonde.

"Ine ndowe sindigwira," anatero. "Mtsinje ndiwo undithirire manyowa, ine manja ali m'thumba."

Chilimwe chonse anakumba ngalande kuchokera kumtsinje kukafika kumunda. Zoti azunguwo ankaika chotsekera madzi, ndiponso ankakumba potulukira, Jailosi sanazimve. Nkhani ija anaisiyira pakati, atathamangira ndiwo zimene zinkapserera pamoto.

"Bambo, nanga madziwo akadzadza m'munda adzalowera kuti?" anafunsa Nangozo. "Nyumba yathu ndi ya amayi zili kumunsitu."

"Zachizungu izi, mayi. Inu muzingosoka matumba."

Mvula inachedwa chaka chimenecho. Jailosi ankaima pachulu, maso kumwamba, akulira ngati mwana wolandidwa mbatata. "Mvula iwe, bwera! Ukwati wanga ukutha!" Mudzi wonse unkamumva.

Tsiku lina masana, mvula inabweradi, chimvula champhamvu. Mtsinje unadzadza, madzi n'kulowa m'ngalande muja. Jailosi anavina. Koma madziwo m'munda anangodutsamo ngati mlendo wapaulendo, n'kutsetserekera kumudzi. Pamene mvula inkakata, matope onse achonde aja anali m'nyumba mwake, m'khitchini, mpaka pakhonde pa apongozi, amene anali atakwera pamtondo, nkhuku ili m'khwapa.

Jailosi anaima m'matopemo, akumulekeza m'mawondo, misozi ili chuchuchu. Anayamba kufukula mphasa yake kuti azipita.

"Mukupita kuti?" anatero Nangozo, akumupatsa dengu. "Manyowa anu afika. Angophonya khomo. Tutani!"

Anatutadi bambo uja, dengu ndi dengu pamutu, kukwera nawo mtunda kupita kumunda, yemwe uja ankati manja akhala m'thumba. Chaka chimenecho chimanga chinabereka mochititsa kaso, nkhokwe inadzadza, ukwati sunathe. Ine ndimawasowa anthu oterowo, opusa koma osathawa khasu.

Koma tsiku loyamba lotuta lija, Jailosi akudandaula kuti khosi lathyoka, matope akutsikira m'maso, a Kadzakumanja anaima potero, akununkhiza fodya wawo.

"Mukudandaulanji, akamwini? Si inu munkafuula pachulu paja? Walira mvula, walira matope!"