Pasiwedi Imene Inakana Kuoneka

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene amaphimba manyazi a ana ake, ngakhale angawa anasiyako pang'ono kuti nanunso musekeko.

Ndimagwira ntchito kubungwe la alimi a kachewere ku Tsangano. Chaka chatha mabwana anati zonse zokhudza zokolola tizisunga pa kompyuta yakutali, yosagwirika ndi manja, imene umailowa kudzera pa intaneti uli pa laputopu yako. A Najere, katswiri wathu wa ku Lilongwe, anaikonza n'kunditumizira mawu oti ndilembe pa kawindo kakuda kopanda zithunzi. Anandichenjeza kuti lipoti likapanda kutuluka pofika Lachisanu, alimi athu asemphana ndi ogula, kachewere n'kuwolera m'matumba.

Mawuwo ndinalemba bwinobwino, ndipo kompyuta inafunsa pasiwedi. Ndinailemba, koma pawindo panali zii, ngakhale kadontho. Ndinabwereza mwamphamvu (ngati kuti mabatani ndi ng'ombe zapangolo), ndinabwerezanso, kenaka n'kudina batani lotumizira. Inandikana.

Mayi akunyumba anati ndi fumbi. Tinaizondotsa laputopu n'kuigwedeza. Munatuluka nyenyeswa za chigumu basi. Ndinakwera nayo kaphiri poganiza kuti vuto ndi netiweki, foni n'kukakoka ya ku Mozambique. Ndinakwera kabaza mpaka kwa wokonza mafoni pamsika, yemwe anati mabatani onse ndi amoyo. Pomwepo ndinayesanso mobwerezabwereza, mpaka kompyuta yakutali ija inanditsekera khomo. Ndinadziwa kuti ndaipha, pamodzi ndi thukuta la alimi la chaka chonse.

Ndinapemphera kaye, kenaka n'kuimba foni.

"A Najere, pepani, kompyuta yanu ija yafera m'manja mwanga."

Nditafotokoza, anaseka mpaka kutsokomola. "Bambo, pasiwedi siioneka dala, kuti woyandikana nanu asaibe. Inu mumailemba pamwamba pa inzake. Lembani kamodzi, mudine, basi."

Ananditsekulira khomo, ndinalemba osaona kanthu, ndipo ndinalowa. Zonse zinali m'malo mwake. Lipoti linapita nthawi yabwino, magalimoto a ogula anabwera.

Ine amene ndimaima m'mapemphero a kumlaga n'kumalimbikitsa abale kukhulupirira zimene maso sanaone, ndinagwa pa timalemba tochepa chabe. (Mpaka lero ndikamalemba pasiwediyo ndimasuzumirabe pawindopo.)

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni mtima wodekha, ndiponso wina woti mumuimbire musanakwere phiri.