Matiresi a ku Balaka

Nkhani iyi ndimaikamba nditaphimba kumaso, ndiye musekere m'manja, chifukwa mwini manyaziwo ndili pompano.

Ana a masiku ano amangondidziwa ngati a Bwanali okonza njinga za kabaza pa Ntaja. Sadziwa kuti nthawi ya makaseti ndinali DJ Mphenzi, katswiri wa gubudu. Gubudu anali gule wathu wamseri. Ng'oma za manganje tinkazithamangitsa pa kiyibodi ya batire, ine n'kumaimba pamwamba pake. Wailesi zinkatikana. A shehe ankatidzudzula Lachisanu, akuluampingo Lamulungu. Koma tikatseka chitseko cha chigayo n'kuyatsa sipika, achinyamata ankabwera wapansi kuchokera ku Chikweo, n'kubwerera ali mbuu ndi ufa.

Kenako kunabwera mamemore khadi ndi nyimbo zakunja. Gubudu anafa, maliro ake osamveka n'komwe. Kiyibodi ndinagulitsa n'kugula pampu ndi masipanala.

Chaka chatha ndinangomva gubudu akulira pa foni ya wakabaza wina. Ati anyamata a ku Balaka amudzutsa. Ati ndi saundi yatsopano. Yatsopano! Tsiku limenelo ndinapopa tayala mpaka linaphulika. Anthu akuvina gule wanga paukwati uliwonse, koma panalibe ngakhale mmodzi wobwera kudzandipatsa moni.

Mtima uli wotupa choncho, mayi akunyumba, amake Zione, anasiya foni yawo pashedi panga kuti ndiwatchajire. Iwo amagulitsa zitenje mumsika. Foni ija inalira, maso anga anagwera pa meseji:

"Mama, mawu anu aja andizunguza mutu. Loweruka mubwere ku Balaka, chipinda ndakonza kale. Madala musawauze kaye. Kevini."

Madala! Ineyo!

Loweruka m'mawa ndikuona munthu wavala chitenje chatsopano, mpango wamangidwa ngati akukalandira mkwati, pefyumu mpaka kumsewu.

"Ulendo wa kuti, amake Zione?"

"Ku Balaka, kukaoda zitenje."

"Zitenje zake zimafuna pefyumu?"

"Iii, a bambo a Zione, minibasi zathuzi zimanunkha usipa."

Ndinangoti, "Muyende bwino." Atangokhota, ndinatseka shedi n'kukwera minibasi yotsatira. Pa Liwonde ndinawapeza akusintha galimoto. Ndinalowera chakumbuyo, chipewa mpaka pamphuno, bondo la mayi wina lili m'nthiti mwangamu, nkhuku yake ikundijompha khutu. Osadandaula. Wapolisi wachinsinsi salira.

Ku Balaka anakwera kabaza, nanenso ndinakwera wanga.

"Londola mayi awo, koma usayandikire."

"Ndinu a CID, madala?"

"Palasa iwe! Ndine mwini wake!"

Anatsikira pa kanyumba kena kuseri kwa msika. Panatuluka kamnyamata koonda, madiredi mpaka m'mapewa, ndolo kukhutu. Kanawalandira mkazi wanga ndi manja awiri, mano onse panja. Kevini uja ndi ameneyu? Msinkhu wa mwana wathu woyamba!

Ndisanapume, anyamata awiri anadutsa atanyamula matiresi n'kulowa nawo momwemo. Kenako anabweranso ndi ena. Matiresi awiri, anthuni, dzuwa likuswa mtengo!

Ndinanyang'ama mpaka pawindo n'kutchera khutu.

"Mama, yandikirani pang'ono," anali mawu a Kevini. "Eya, choncho. Musachite manyazi."

"Iii, Kevini, ine zimenezi sindinazolowere."

"Tiyamba pang'onopang'ono. Mukhoza kukuwa mmene mungathere, panja samva."

Apa ndiye magazi anawira. Ndinabwerera m'mbuyo, ndinathamanga, ndinaponya phewa pachitseko. Kodi chinali chokiya? Iyayi. Ndinalowa ngati thumba la chimanga logwa mu lole, n'kukagwera pamiyendo ya anthu.

"Ndakugwirani! Lero ndakugwirani!"



Nditadzutsa mutu, ndinaona matiresi aja ataimikidwa kukhoma, pamwamba pake atakhoma mathileyi a mazira kuti phokoso lisatuluke panja. Amake Zione ali chilili pa maikolofoni, mahedifoni kumutu. Pakona pali kompyuta, ndi atsikana awiri akujambula vidiyo pa foni. Mmodzi sanasiye n'komwe kujambula.

"Kevini," anatero amake Zione mosatekeseka, "awa ndiwo madala aja."

Mnyamata uja anandidzutsa mwaulemu, anandisasa fumbi, anandipatsa mpando. Anafotokoza kuti anapeza kaseti yakale ya gubudu mu sutikesi ya amalume ake. Pakati pa nyimbo ina panamveka mawu a mzimayi, akuthwa, okoma kwabasi. Azakhali ake, amene amagulitsa moyandikana ndi amake Zione mumsika wa Ntaja, anangomva kamodzi n'kuwazindikira. Tsopano Kevini akufuna awajambulenso amake Zione bwinobwino, mawu awo akhale kolasi ya nyimboyo.

"Mkazi wanga sanaimbepo gubudu," ndinatero.

"Tamverani, madala."

Anadina batani. Ng'oma zija zinagunda, zanga zenizeni, zimene ndinajambulira pabalaza pathu Zione ali khanda. Kenako mawu a mayi akunyumba, kuchokera kuchipinda:

"Zimitsani! Mwana wagona! Zimitsaniii!"

Anali atawadula n'kuwabwereza motsatira ng'oma. Atsikana aja anayamba kudula chiuno pomwepo. Ndipo kunena zoona, zinkakoma. Chimenecho ndiye chinandipweteka kwambiri.

"Nanga bwanji simunandiuze?" ndinafunsa chapansipansi.

"Munthu wophulitsa tayala chifukwa cha nyimbo ya pa foni? Ndikanakuuzani bwenzi mutaphulitsa chiyani?"

Ndinakonza kolala. Ndinati bola ulemu wanga ubwerere pang'ono.

"Achimwene, pa kaseti imeneyo pali woimba wamkulu, mwini nyimboyo. Mawu ake alowa pati?"

Kevini anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Aaa, madala, musandikumbutse! Panali bambo wina amakuwa ngati ng'ombe yamuponda chala. Tavutika naye sabata yonse kumufufuta. Mukumudziwa?"

Amake Zione anandiyang'ana. Atsikana aja analozetsa foni kwa ine.

"Iyayi," ndinayankha. "Ndinangomva kuti anamwalira."

Ku Balaka ndinapita ndi nsanje ya mwamuna, ndinabwerako ndi nsanje ya woimba, ndipo ndikuuzeni, yachiwiriyi ilibe mankhwala.